Injini Imene Amalume Anatsitsa

Pamaliro a amalume anga, a Yelemiya Mwale, mkulu wa mpingo amene anawerenga mbiri yawo sanachedwe nayo. Ananena kumene anabadwira, sukulu imene anaphunzira, kuti anagwirapo ntchito ku ndege, ndi kuti asiya mwana mmodzi ndi zidzukulu ziwiri. Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwanga anafunsa mnzake chapansipansi ngati malemuwo anali oyendetsa ndege. Mnzakeyo anati ayi, anali olondera pachipata. Ndinafuna kutembenuka kuti ndiwakonze, koma akwaya anali atayamba kale nyimbo.

Anamwalira mu Epulo, fodya ali m'zigafa. Fodya wa chaka chino walowanso m'zigafa, ndiye kuti chaka chatha, ndipo mawu a amayi awiri aja sanandichokebe m'mutu.

Amalume sanali oyendetsa ndege, komanso sanalondereko pachipata cha aliyense. Anali makaniko wa injini za ndege. Kwa zaka zoposa makumi awiri anagwira ntchito ku bwalo la ndege la ku Lumbadzi, pa kampani ina imene inali ndi ndege zing'onozing'ono zonyamula anthu kupita m'mayiko oyandikana nafe. Kampaniyo inatha kalekale. Iwo eni ake ndege anakwerapo kangapo chabe, ndipo ankati ulendo wonse ankangotchera khutu ku injini, osaona n'komwe za pawindo.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Pamene ntchito inatha n'kubwerera kuno kumudzi, kum'mawa kwa Mtunthama, ine ndinali nditangobereka mwana wanga woyamba. Amayi anawasonyeza malo pafupi ndi nyumba yathu, koma iwo anasankha kumapeto kwenikweni kwa mudzi, kumene kumayambira minda. Anati kumeneko kuli bata. Amayi anati kumeneko kuli njoka. Anamangabe komweko, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ndi ine amene ndinkawapititsira ndiwo madzulo, poti anali okha.

Tsiku lililonse kupatula Lamulungu ankavala ovololo ya buluu imene inali itasuluka mpaka kuoneka ngati phulusa. Mphete, wotchi, ngakhale cholembera cha m'thumba la pachifuwa sankavala akamagwira ntchito, ati zimagwera m'kati mwa makina. Anthu ankawabweretsera njinga zamoto, mapampu a m'dimba, mipope yopopera mankhwala mu fodya, nthawi zina mawilibala. Zitsulo zawo zinkakhala m'bokosi lachitsulo, chilichonse pamalo pake, ndipo ntchito ikatha ankaziwerenga mwini katundu asanachoke. Tsiku lina mwamuna wina wa kabaza anakhala pa nyumbapo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, njinga yake itakonzedwa kale, chifukwa kasipanala kamodzi sikanali kuoneka. Munthuyo anadandaula kuti makasitomala akumuthawa, analumbira kuti sanabe kanthu. Amalume anati sakumuganizira kuba, koma njinga sichoka. Kasipanalako anakapeza pansi pa mpando wa njinga yomweyo. Wakabazayo sanabwerenso, ndipo nkhani inafala pa siteji kuti madala a ndege aja mutu suyenda bwino.

Iwo ankati kumene anaphunzira ntchito, chitsulo chikasowa ndege siichoka, chifukwa chitsulo chosowa chimakhala chili penapake, ndipo penapake pakhoza kukhala m'kati mwa injini. Ankatinso galimoto ikafa imaima m'mbali mwa msewu anthu n'kutsika kukadya nzimbe, koma kumwamba kulibe m'mbali mwa msewu. Mawu amene ankadana nawo kwambiri ndi akuti "tingoyesera". Munthu akangowatchula, amalume ankaika pansi chimene agwira n'kumuyang'ana mpaka munthuyo achite manyazi. Nati ikatsala pambuyo pomanga makina, sankaitaya pambali monga amachitira ena. Ankamasulanso zonse. Ankati nati sitsala, pamakhala pena pamene ikudikiridwa.

Zitsulo zawo sankabwereketsa. Ichi n'chimene chinawadanitsa ndi a Chimphepo, mlimi wamkulu wa fodya m'mudzi muno. Chaka china, nthawi yodinda mabelo, jeke yodindira fodya ya a Chimphepo inayamba kulimba. Anatuma uthenga wopempha sipanala yaikulu kuti angomangitsa pamodzi. Amalume anakana sipanala, n'kupita okha ndi bokosi lawo. Atafika anayang'ana jeke ija, anaimasula yonse, n'kuyala zitsulo zake pa chiguduli motsatana mmene zinachokera. Anati mano a chitsulo chapakati adyeka, ndipo tsiku lina chidzaduka munthu ali chiweramire pamwamba pake. Ntchitoyo inatenga masiku atatu. Lole yopita ku okushoni inabwera, inapakira mabelo a anthu ena, inachoka a Chimphepo asanadinde awo. A Chimphepo anaima pakati pa bwalo lawo n'kunena mokweza kuti munthu ameneyu amachiza bwino matenda, koma wodwala atafa kale ndi njala. Amalume anawerenga zitsulo zawo, anatseka bokosi, n'kumapita. Mvula inagwa kawiri anthu awiriwo osapatsana moni. Jeke ija ikugwirabe ntchito mpaka lero, koma a Chimphepo sanavomerepo kuti n'chifukwa cha ndani.

Ndi amayi anga ankakangana za ukwati. Amayi ankati mwamuna sangakalambe yekha ngati chitsa, ndipo kangapo konse anatumiza amayi ena amasiye kunyumba kuja, wina atanyamula mbatata, wina chidebe choti chimatidwe. Amalume ankalandira mbatata, ankamata chidebe, ankaperekeza mlendo mpaka panjira n'kubwerera. Amayi atatopa anawalankhula poyera kuti akudzilanga pachabe. Amalume anayankha kuti si chilango, angozolowera. Sanakambenso za nkhaniyo.

Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo. Pamaliro sankakhala pagulu la amuna okamba za mitengo ya feteleza, ankapita kumanda kukanolera adzukulu makasu. Ndege ikamadutsa m'mwamba, ngakhale ili kutali moti ikuoneka ngati kadontho, ankasiya mawu pakati n'kupendeketsa mutu. Ikapita ankapitiriza pomwe anasiyira, nthawi zina n'kuwonjeza kuti imeneyo ndi ya injini ziwiri ndipo ili bwino. Panalibe woti n'kuwatsutsa, panalibenso wofuna kudziwa. Anthu ankati ndi odzimva, ati anazolowera kukhala ndi azungu. Koma panali mawu ena amene ankanenedwa iwo akapotoloka, ndipo ine ndinayamba kuwamva ndikadali mtsikana: akuti ndi munthu amene anasiya mkazi wake akufa chifukwa cha ndege ya eni ake.

Mkazi wawo anali a Nabanda. Ankakhala kwawo, kumpoto kwa Boma, n'kumalima fodya ndi mtedza, amalume akubwera kumapeto a mwezi. Anali ndi mwana mmodzi, Rute, amene amandiposa ine ndi chaka chimodzi. Azakhali a Nabanda ndimawakumbukira pang'ono: anali aafupi, oseka msanga, ndipo polankhula ankasakaniza ndi Chitumbuka. Anamwalira Rute ali ku sekondale. Zimenezi ndinkazidziwa. Zimene zinachitika masiku awiri aja ndinazimva kamodzi kokha kuchokera pakamwa pa amalume, patatsala zaka zitatu kuti nawonso apite.

Tsikulo tinali m'chigafa, tikusankha fodya. Amuna anga anali ku okushoni, ndipo amalume anabwera kudzandithandiza, ngakhale kusankha kwawo kunali kochedwa, tsamba lililonse kuliyang'ana mbali zonse. Foni yanga inalira. Anali alamu anga, kunena kuti apongozi anga awagoneka kuchipatala cha pa Boma. Ndinafunsa ngati akulankhula, anati akulankhula. Ndinawauza kuti ndibwera mawa ndikatsiriza mulu umene ndayamba. Nditadula foni ndinapeza amalume asiya fodya, akundiyang'ana.

"Fodyayu sauluka, Agnesi," anatero. "Kasambe, upite lero."

Anandiperekeza kukakwera minibasi ku Mtunthama, chikwama changa atachimanga pa njinga yawo, njingayo akuikankha. Ndi mtunda wa ola limodzi wapansi. Titadutsa minda iwiri anayamba okha kufotokoza, maso ali kutsogolo.

Anati linali Lachinayi m'mawa. Ndege ina ya injini ziwiri, imodzi pa phiko lililonse, inalowa mu shedi yaikulu yokonzera ndege kuti ayione monga mwa nthawi zonse. Injini zake zinali za tabaini, zimene m'kati mwake muli timapiko tachitsulo tambirimbiri tozungulira mothamanga koopsa. Pansi pa injini yotere pamakhala kachitsulo ka maginito kamene kamakhala m'kati mwa oyilo. Ntchito yake n'kugwira tizitsulo tilitonse tothothoka m'katimo. Atazula ka injini ya kumanzere, anapeza kali ndi tinthu tonyezimira ngati mchenga wa kumtsinje, ndi kachidutswa kamodzi kopyapyala ngati chikhadabo cha khanda. Anatipukutira pa pepala loyera n'kupita nato ku ofesi ya bwana.

Bwanayo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anawakumbutsa kuti ndegeyo ili ndi ulendo Loweruka ndipo mipando yonse yadzaza. Anati mwina asinthe oyilo, ailize pang'ono pansi, ikapanda kuonetsa china ipite ulendo umodzi, ikabwerako adzaione bwinobwino. Sanakalipe, sanalamule. Anangoti aganizire. Amalume anayankha kuti injiniyo iyenera kutsika, ndipo iwo sasayina. Pa kampanipo anthu okhala ndi mapepala owalola kusayina kuti ndege ikhoza kuuluka analipo awiri. Winayo anali atangolembedwa kumene ntchito, anali ndi banja latsopano, ndipo bwana akalowa ankaimirira.

Cha m'ma teni koloko anawaitana ku foni. Anali amayi anga, akuimba ali ku positi ofesi ya pa Boma. Anati alamu awo, a Nabanda, awagoneka ndi malungo, abwere. Amalume anafunsa ngati akulankhula. Amayi anati akulankhula, ndipo akufunsa za iwo. A Nabanda anali atagonekedwapo kawiri ndi malungo m'zaka za m'mbuyo, ndipo maulendo onse awiri anatuluka n'kubwerera kumunda. Amalume anaima ndi foni m'manja, akuyang'ana ndege ija pawindo la ofesi. Ankadziwa kuti akangovula ovololo n'kutuluka pachipata, zivundikiro za injini zibwezeredwa, oyilo asinthidwa, ndipo mnzawo uja asayina, osati chifukwa choipa mtima koma chifukwa cha mantha. Koma injini ikakhala pansi, palibe bwana amene angaiulutse. Anauza amayi kuti afika mawa masana.

Apa amalume anaima kaye, anakonza chingwe cha chikwama changa chimene sichinamasuke n'komwe, n'kupitiriza kuyenda. Kenako anandifotokozera ntchito yonse, chimodzichimodzi, ngati kuti ndine wophunzira wawo. Sindinamvetse zonse, koma sindinawadule.

Anati kutsitsa injini ya ndege si kuzula chinangwa. Anali anthu anayi. Anayamba ndi kuchotsa magetsi onse ndi kutseka mafuta, kenako anakhetsa oyilo. Anachotsa zivundikiro n'kuzisanja pambali. Anachotsa chozungulira cha kutsogolo chija, chimene iwo ankati pulopela, ndipo chimenecho chokha chinadya theka la tsiku. Ndiye kunabwera mapaipi ndi mawaya, ochuluka ngati mitsitsi ya mtengo. Paipi iliyonse akaimasula ankaitseka kukamwa kuti fumbi lisalowe, waya aliyense ankamumangirira kapepala kolembapo kumene wachokera. Nati iliyonse inkalowa m'kathumba kakekake. Munthu mmodzi akamasula, wina ankabwera kudzaona n'kulemba. Anzawo aja, atamva za foni, anawauza kuti afulumizitse, ena a mapepalawo adzalemba pambuyo. Amalume anakana. Dzuwa linalowa ntchito ili pakati, ndipo anasiya, chifukwa munthu wotopa saloledwa kumasula zimene zanyamula injini.

Lachisanu analawirira. Anabweretsa makina onyamulira, anakoleka maunyolo pamalo ake pamwamba pa injini, n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono. Anati pamenepa m'pamene pagona ntchito yonse. Injini imagwiridwa ku phiko ndi mabawuti ochepa chabe. Unyolo ukakoka mochepa, injini imatsamira pa mabawutiwo ndipo satuluka. Ukakoka mopitirira, umakweza ndege yomwe n'kupinda zitsulo za phiko. Koma ukakoka pa muyezo wake, bawuti imatuluka ndi zala ziwiri. Ukaona kuti pakufunika hamala, dziwa kuti walakwitsa. Iwo anaima pa makwerero, dzanja limodzi pa bawuti yomaliza, linalo likupereka zizindikiro kwa wokoka unyolo. Mu shedi monse munali zii. Bawuti ija inatsetsereka n'kugwera m'dzanja mwawo, ndipo injini inalekana ndi phiko mpata wa chala chimodzi, n'kumagwedezeka pang'ono pa maunyolo. Anaibweza kutsogolo, akuyang'ana ngati pali waya woiwalika, kenako anaitsitsa mpaka inakhala pa chikuku chake.

Anati m'zaka zawo zonse sanatsitsepo injini bwino chotero. Ananena zimenezi mopanda kunyada, ngati munthu wovomera mlandu.

Nthawi inali itakwana masana. Anawerenga zitsulo, anasayina kuti injini yatsika, anavula ovololo, n'kuthamangira kumsewu osasamba n'komwe m'manja. Basi imene anakwera inaima pa Mponela, inaimanso pa Madisi, paliponse kudikira anthu. Anafika pa Boma cha m'ma folo koloko. Atalowa mu wodi anayenda bedi ndi bedi mpaka kumapeto, n'kubwereranso. Namwino wina anawafunsa amene akumufuna. Atatchula dzina, namwinoyo anawatengera pakhonde n'kuwauza kuti mayiwo anatsirizika m'mawa, cha m'ma naini, ndipo achibale anyamula kale thupi pa lole. Amalume anati ali chiimire pakhondepo anawerengera nthawi, n'kupeza kuti pa naini koloko anali akukoleka maunyolo.

Kumudzi kwa a Nabanda anafika anthu atasonkhana kale. Pamene panakhala amuna palibe anasuntha kuwapatsa malo. Analowa m'nyumba ya siwa, anagwada pafupi ndi mutu wa mkazi wawo, ndipo atakweza maso anapeza Rute akuyang'ana manja awo. M'zikhadabo munali mudakali oyilo wakuda. Mwanayo sanalire mokweza. Anangotembenukira kukhoma.

Akuchikazi anawasudzula msanga, pasanathe ndi mwezi womwe. Anawapatsa njinga yawo ndi sutikesi, ndipo Rute anatsala ndi amalume ake, alongo a mayi ake. Iwo anabwerera ku Lumbadzi. Patapita miyezi itatu kunabwera kalata yochokera kunja kumene injini ija inatumizidwa. Inati chitsulo china chimene chimagwira mtanda wozungulira wa m'kati chinali chitayamba kusweka, ndipo sichikanatha maola ambiri. Bwana uja anawaitana, anawagwira chanza, anati anachita bwino. Anthu amene anayenera kukwera ndegeyo Loweruka lija anawakweza ina, atachedwa theka la tsiku, ndipo akuti ena anachoka akudandaula. Palibe mmodzi wa iwo anadziwa chifukwa chake, ndipo amalume sanadziwe dzina la aliyense wa iwo.

Tinali titayandikira msika wa Mtunthama. Ndinawafunsa ngati akanachitanso chimodzimodzi, tsikulo likanabwerera.

"Akanamwalirabe, ndikudziwa," anatero. "Sindine dokotala. Koma akanamwalira atandiona. Masiku ena ndimadzuka ndikuti ndinachita bwino. Masiku ena ndimadzuka ndili m'basi ya Lachinayi."

Anandikweza minibasi, anauza kondakitala kuti tayala lakumbuyo lilibe mpweya wokwanira, kondakitala anaseka, tinanyamuka. Apongozi anga anachira. Nkhaniyo amalume sanaitchulenso, ndipo nditabwerako ndinapeza atatsiriza okha mulu wa fodya uja.

Rute bambo ake anamuphunzitsa mpaka anakhala namwino. Amagwira ntchito ku Mzuzu. Zaka zonsezi sanawatukwane bambo ake, sanawakane. Pa Khirisimasi ankatumiza shuga, sopo ndi malaya kudzera kwa madalaivala a basi. Kubwera ankabwera mwa apo ndi apo, kufika m'mawa n'kubwerera madzulo. Ankakhala pakhonde awiriwo n'kumakamba za mvula ndi za sukulu ya ana. Amalume ankamutchula kuti "inu", ngati mlendo wolemekezeka, ndipo ankati akamva kuti akubwera ankasesa bwalo kawiri. Akachoka ankakhala masiku angapo osatsegula bokosi la zitsulo.

Ine ndinaganiza kuti mwina Rute sadziwa za kalata ija. Ulendo wina ndikumuperekeza ndinayamba kumufotokozera. Anandisiya ndilankhule mpaka kumapeto, kenako anati kalatayo anaiona kalekale, bambo ake anamutumizira ali ku sukulu ya unamwino, popanda mawu ena alionse mu envelopu.

"Ndikudziwa kuti ndege ija ikanagwa," anatero. "Inenso ndasiyapo mwana wanga akutentha thupi n'kupita kukagwira ntchito. Koma ndi ine amene ndinali pambali pa bedi paja, Agnesi. Chitseko chikangolira, amayi ankafunsa ngati ndi iwo. Ine ndinkati ali m'njira. Ndinawanamiza tsiku lonse lathunthu, ndipo anapita akundikhulupirira."

Sindinayesenso kuwayanjanitsa.

Matenda awo omaliza anayamba ndi kutupa miyendo. Anasiya kulandira ntchito, kenako anasiya kupita kutchalitchi. Kuchipatala anatiuza kuti ndi mtima, anatipatsa mankhwala, tinabwerera nawo kunyumba chifukwa iwo anakana kugonekedwa. Mankhwalawo ankamwa pa nthawi yake yeniyeni, n'kumalemba m'kope. Sabata yomaliza kupuma kunayamba kuvuta. Ndinawauza kuti ndimuimbira Rute. Anagwira mkono wanga n'kunena kuti ndisamuvutitse, ali pa ntchito, ndipo kumeneko kuli odwala ambiri kuposa mmodzi. Ndinavomera, ndinatuluka panja, ndinamuimbira.

Anafika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, atavala yunifolomu ya kuntchito, juzi pamwamba, opanda ngakhale chikwama cha zovala. Analowa kuchipinda n'kukhala pamphepete pa bedi. Amalume anatsegula maso, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana yunifolomu ija.

"Mwasiya ndani kuntchito?" anafunsa.

"Ndangochoka, bambo," anatero Rute.

Amalume anatseka maso. Sanamudzudzule. Rute anawakweza mutu, anawaikira pilo wina, anawapukuta kumaso. Anakhala nawo masiku awiri. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, ndipo ndikuganiza kuti sizinali zambiri, chifukwa nthawi zonse ndikalowa ndinkapeza kuli chete, iye atakhala pampando, iwo akupuma movutika. Anamwalira m'mawa wa tsiku lachitatu, Rute ali pomwepo. Pambuyo pa maliro Rute anandipatsa kiyi wa nyumba, anati adzabwera kudzaona za katundu akadzapeza tchuthi. Sanabwerebe. Amaimba foni nthawi zina, amafunsa ngati denga silikudontha.

Dzulo ndinapitako kukatsegula mawindo. Kanjira kochokera kwathu katsekeka ndi chisoso, moti ndinafika chitenje chili ndi minga yokhayokha. Chiswe chakwera pa chitseko cha kukhitchini mpaka pa loko. Pakhonde pali zitosi za mbuzi, ndipo mavu amanga pa felemu la windo la kuchipinda. M'nyumba muli fungo la malo otsekedwa. Bedi lilibe zofunda, pampando pali fumbi, kalendala ya pakhoma ikadali pa mwezi umene anadwala. Ndinasesa pang'ono, kenako ndinasiya, poti panalibe womusesera.

Panja udzu wafika m'mawondo bwalo lonse, mpaka pakhomo penipeni. Malo amodzi okha ndi amene sanamere kanthu: kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mthethe, pamene ankakhetsera oyilo wa makina a anthu. Dothi la pamenepo ndi lakuda, lolimba ngati simenti, kukula kwake ngati mphasa imodzi. Mvula ya chaka chonse yagwapo, koma udzu wangozungulira m'mbali n'kuima.